Injini yatsopano ya sitima zazing'ono: ndiyambe ndaizoloweretsa kapena ndiikiretu dikoda?

Wa ku Chilomoni analemba:

Akuluakulu, akale anati safunsa anadya phula, choncho ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene munayamba kale kuyendetsa sitima zazing'ono za magetsi. Alamu anga amene amagwira ntchito ku Britain anabwera kudzaona abale mwezi watha, ndipo ananditengera injini yatsopano ya dizilo ya sikelo ya OO, ija imene imachepetsa sitima yeniyeni ka 76 n'kumayenda pa njanji zotalikirana mamilimita 16.5. Pa bokosi analemba kuti injiniyi ndi yokonzeka kulandira dikoda, kachipangizo kamene kamamva malamulo a kontirola n'kumayendetsa mota ndi nyale, ndipo nditachotsa chikuto chake ndinapeza soketi ya mapini 8 yotsekedwa ndi kapulagi kakang'ono. Dikodayo anandigulira padera, pamodzi ndi kontirola ya NCE PowerCab ya DCC (njira yotumizira malamulo ku dikoda kudzera m'njanji) ndi njanji zokwanira kupanga bwalo limodzi patebulo.

Kapepala ka m'bokosi kakunena kuti injini iyambe yayenda yokha, yopanda mabogi, mphindi 30 kulowera kutsogolo ndi mphindi 30 chobwerera m'mbuyo, pa liwiro lapakati. Pamene pandizunguza mutu ndi poti kontirola ya DC, ya magetsi wamba aja, ine ndilibe. Kodi ndingaike dikodayo lero lomwe n'kuzoloweretsa injini pa DCC, kapena pali chifukwa chenicheni choyambira pa DC? Nanga poika dikoda ya mapini 8, n'chiyani chimene chimaiwotcha, popeza ndamva kuti ambiri imawapsera tsiku loyamba? Mantha anga ndi oti chinthuchi chikawonongeka, kuchibweza kumene chinagulidwa ndiye kudikira ulendo wina wa alamu, umene mwina ndi wa chaka chamawa.

Makaniko wopuma wa ku Limbe anayankha:

Achimwene, dikodayo ibwezereni m'kathumba kake kaye, ndipo kapulagi kali m'soketiko musakazule. Ine ndinakalambira m'galaja, ndipo palibe minibasi imene tinkaitulutsa itangomangidwa injini n'kuuza dalaivala kuti akaidzaze anthu n'kukwera nayo chitunda cha ku Bangwe tsiku lomwelo. Kainjini kanuko n'kakang'ono, koma zitsulo n'zomwezo. Mabulashi a kaboni a m'mota amachoka ku fakitale asanakhale bwino pa chitsulo chozungulira chimene amakhudzacho, mano a magiya amakhala ndi timinga tosaoneka ndi maso, ndipo girizi amakhala ataunjikana malo amodzi chifukwa bokosi lakhala miyezi pa shelefu. Ola limodzi la kuyenda mofatsa limasalaza zonsezi ndi kumwaza girizi uja paliponse pamene akufunika.

Komabe chifukwa chachikulu choyambira pa DC sichili pa kusalaza zitsulo ayi, chili pa kudziwa zoona za injini yanu. Madikoda ambiri a masiku ano amamvetsera magetsi amene mota imabweza ikamazungulira, ndipo akaona kuti yachedwa pang'ono amawonjezera mphamvu nthawi yomweyo, mwakuti injini yokhala ndi giya lothina kapena wilo lopendekeka imaoneka ngati ikuyenda bwino pamene mkati ikuvutika. Pa DC palibe woibisira. Ikamatsimphina pa malo omwewo wilo likazungulira kamodzi, mudzaona, ndipo mudzadziwa kuti vutolo ndi la zitsulo. Mukaika dikoda poyamba kenako injini n'kumadumphadumpha, mudzayamba kusinthasintha manambala a mu dikoda usiku wonse osadziwa ngati wolakwa ndi mota, dikoda, njanji kapena manja anu.

Kachitidwe kake ndi aka. Yalani bwalo lanu patebulo losalala, osati pa kapeti kapena pamphasa, chifukwa ulusi umakulungika pa ma ekiselo. Ngati njanji zanu zokhota ndi zija za mamilimita 438, zili bwino, koma za mamilimita 371 zimathina kwa injini zambiri zazitali. Yendetsani pa theka la liwiro, ndipo pakatha mphindi 15 nyamulani injini muitembenuze kuti mbali inayo nayonso ilawe kukhota, popeza pa bwalo mbali imodzi ndiyo imakanikizika nthawi zonse. Musaisiye yokha n'kupita kukamwa tiyi. Tcherani khutu: phokoso liyenera kumachepa nthawi ikamapita, ndipo liwiro limakwera pang'ono lokha ngakhale simunakhudze kontirola. Mukamva kugogoda kobwerezabwereza, kapena mukagwira pamwamba n'kupeza kuti patentha moti chala sichikupirira, imitsani.

Za kusowa kontirola ya DC musadandaule, ine ndili nayo yakale ya ma volt 12 ndipo mutha kudzabwereka Loweruka. Batire ya ma volt 9, ija ya makona anayi, mungaigunditse ku mawilo pongofuna kuona ngati mota ikuzungulira. Batire ya galimoto musaiyese n'komwe, chifukwa pakachitika shoti imatulutsa magetsi okwanira kusungunula timawaya tonse ta mkati. Ndiponso musaike injini yopanda dikoda pa njanji za DCC. Njanji zimenezo zimakhala ndi magetsi osinthasintha mbali a ma volt pafupifupi 14 nthawi zonse, ngakhale kontirola ili pa ziro, motero mota imangolira chiimire n'kumatentha. Makontirola a makampani ena ali ndi njira yoyendetsera injini yotere pa adiresi 0 (adiresi ndi nambala imene kontirola imaitanira injini), koma a NCE njirayo alibe.

Oyilo musathire tsopano, injini yatsopano imabwera nayo kale. Tsiku limene mudzafune kuthira, gwiritsani ntchito oyilo wopepuka amene sadya pulasitiki, kadontho ka pa nsonga ya singano basi. Mafuta ophikira amauma n'kusanduka ulimbo, ndipo opopera aja amene timamasulira mabawuti a dzimbiri si a ntchito imeneyi.

Wokonza mafoni wa ku Ndirande anayankha:

Madala a ku Limbe anena zonse za kuzoloweretsa, ine ndingowonjezera za dikoda, popeza ndinawotchapo imodzi ndipo fungo lake sindinaliiwale.

Mwamwayi inu simufunika kuwotcherera chilichonse. Soketi ya mapini 8, imene a ku Ulaya amaitcha NEM 652, ili ndi chizindikiro pa pini yoyamba, kaya ndi nambala 1, kanyenyezi kapena kamakona atatu. Pini imeneyo ikumane ndi waya wa olenji wa dikoda. Mitundu ya mawaya njofanana pa madikoda onse otsata malamulo a bungwe la NMRA la ku America, limene linatenga njira ya kampani ya Lenz ya ku Germany n'kuisandutsa muyezo wa onse m'zaka za m'ma 1990. Wofiira ndi wakuda amatenga magetsi ku njanji, wofiira kumanja ndi wakuda kumanzere. Wa olenji ndi wotuwa amapita ku mota. Woyera ndi wa nyale zakutsogolo, wachikasu ndi wa zakumbuyo, ndipo wa buluu ndiye wobwezera wa nyale zonse. Mukalowetsa pulagiyo chotembenuza, kawirikawiri sipapsa kanthu, kungoti injini imayenda mosemphana ndi kumene mwailozera ndipo nyale siziyaka. Zulani mutembenuze, nkhani yatha.

Chimene chimapha dikoda ndi kukhudzana kwa magetsi a njanji ndi mawaya a mota. Ine ndinagula injini yakale kwa munthu wina, ya mtundu uja umene chitsulo chake chapansi n'chogawika pakati, mbali imodzi kutenga magetsi a njanji yakumanja ndi inayo a yakumanzere. Soketi munalibe, choncho ndinawotcherera mawaya ndekha, ndipo poti ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yomweyo ndinadzikhulupirira kwambiri. Sindinazindikire kuti bulashi limodzi la mota linali likukhudzabe chitsulo chija kudzera pa kasipuling'i. Ndinaika injini pa njanji zazikulu mwachindunji, ndinamva kuti thu, kenako kautsi. Mita yoyezera magetsi inali pomwepo patebulo, ndipo kuyeza ngati mota yalekanadi ndi mawilo kukanatenga mphindi imodzi yokha.

Kuyambira tsiku limenelo injini iliyonse imayambira pa njanji ya pulogalamu, yowerengera ndi kusinthira manambala a mu dikoda. PowerCab yanu ili ndi malo osankhira zimenezi, ndipo ikakhala mmenemo imapereka magetsi ochepa kwambiri, oti ngakhale mutalakwitsa mawaya dikoda imapulumuka nthawi zambiri. Musanabwezere chikuto pa injini, werengani CV 1 (ma CV ndi malo a mu dikoda osungira manambala amene amalamula kachitidwe kake). Ikayankha kuti 3, imene ndi adiresi imene dikoda iliyonse yatsopano imabwera nayo, ndiye kuti mawaya a njanji ndi a mota ali m'malo mwake. Mudzaona injini ikunjenjemera pang'ono powerengapo; musadabwe, umo ndi mmene dikoda imayankhira, pokoka magetsi pang'ono kudzera mu mota. Mukawerenga CV 8 mudzadziwanso amene anapanga dikodayo: 151 ndi ESU, 145 ndi Zimo, 99 ndi Lenz, 129 ndi Digitrax, 48 ndi Hornby. Ikakana kuwerenga, musanene kuti ndingoyesa pa njanji zazikulu, m'malo mwake zulani muyang'anenso ngati palibe pini yopindika.

Pali zina ziwiri zimene anthu amazinyozera. Choyamba ndi mapini aatali amene amabowola soketi n'kukakhudza chitsulo chapansi pake. Matani katepi pa chitsulocho musanalowetse pulagi. Chachiwiri ndi chizolowezi chokulunga dikoda yonse ndi tepi yakuda ngati chilonda. Dikoda imatentha ikamagwira ntchito ndipo imafuna mpweya, makamaka mu Okutobala muno m'nyumba za malata. Tepi imatidwe pa chitsulo cha injini, dikoda ikhale pamwamba pake yogwidwa ndi kachidutswa ka tepi yomata mbali zonse, ndipo mawaya muwayale moti asakhudze gudumu lolemera la pa mota kapena kupanidwa mukamatseka chikuto.

Ngati mita muli nayo, pezerani mwayi pa tsiku la DC lomwelo kuyeza magetsi amene mota ikukoka. Lumikizani mitayo pakati pa kontirola ndi njanji, tsegulani mpaka ma volt 12, gwirani injini kuti mawilo azingoterereka, kenako ikanikizeni kwa sekondi imodzi kapena ziwiri kuti aime. Nambala imene muoneyo ikhale pansi pa imene yalembedwa pa kapepala ka dikoda, imene pa madikoda ambiri a OO ndi HO imakhala cha pa amp imodzi. Injini zatsopano sizifika pamenepo kawirikawiri, koma zakale za mota zikuluzikulu zimatha kupitirira.

Mphunzitsi wa ku Namiwawa anayankha:

Abambo awiriwa ndikuwalemekeza, koma sindikufuna kuti mnzathuyu aganize kuti kuzoloweretsa pa DCC ndi tchimo. Injini zambiri zimagulitsidwa dikoda ili kale mkati, zina za mawu zimene kutsegula kwake n'kovuta, ndipo eni ake amazizoloweretsa pa DCC popanda choipa chilichonse. Magiya sadziwa kumene magetsi achokera. Ziwiri mwa injini zanga za sikelo ya N, yaing'ono kuposa OO, ndinachita choncho ndipo zikuyenda bwino mpaka lero. Pamene ndikugwirizana ndi bambo a ku Limbe ndi poti injini ya mnzathuyu sinaikidwe dikoda, ndiponso kontirola yobwereka yapezeka, choncho palibe chothamangira. Chenjezo langa n'lakuti aone kaye pa kapepala ngati mota yake ndi ya mtundu wa coreless, chifukwa mota zoterozo sizigwirizana ndi makontirola ena akale a DC amene amapereka magetsi modukizadukiza.

Koma kunena zoona, mdani wamkulu kuno kwathu ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, njanji zimene mwapukuta m'mawa zimakhala zitada pofika madzulo, ndipo m'miyezi ya chiperoni chinyezi chimagwira fumbi lomwelo n'kulisandutsa kautoto kakuda pa mawilo. Pa DC injini imangodutsa pa malo akuda ndi liwiro lake, koma pa DCC dikoda ikasowa magetsi kwa kanthawi kochepa chabe imazima n'kuyambiranso, ndiye munthu amayamba kuitukwana pamene yalakwa ndi njanji. Pukutani njanji ndi kansalu kosatuluka ulusi konyowetsedwa ndi sipiliti, mawilo chimodzimodzi, sandipepa ayi, ndipo mukatha kusewera fundikani tebulo lonse ndi chitenje chakale. Injini yanu ya dizilo imatenga magetsi pa mawilo ambiri, choncho capacitor yosungira magetsi ija simuifuna msanga. Imathandiza kwambiri pa tiinjini tifupitifupi ta mawilo anayi.

Mukafika posintha manambala, sinthani imodzi pa nthawi ndipo muzilemba m'kope nambala imene munaipeza. CV 2 ndi mphamvu yoyambira, CV 3 ndi kachedwedwe ponyamuka, CV 4 poima, ndipo CV 5 ndi liwiro lomaliza. CV 29 ndiyo imasokoneza ambiri chifukwa ndi masamu ophatikiza: 1 amatembenuza kolowera, 2 amatsegula masitepe a liwiro 28 kapena 128, 4 amalola injini kuyendanso pa DC, ndipo 32 amatsegula adiresi yaitali. Madikoda ambiri amabwera ndi 6, kutanthauza 2 kuphatikiza 4. Ine 4 ameneyo ndimamuchotsa, chifukwa chizindikiro cha pa njanji chikasokonekera, monga pakachitika shoti kapena magetsi akamabwera ndi kuthawa, dikoda imatha kuganiza kuti ili pa DC n'kuthamangitsa injini ndi mphamvu zonse mpaka kukagwa pa simenti. Magetsi akazima, zulani pulagi ya kukhoma ndipo mudikire akhazikike musanaibwezere. Zonse zikasokonekera, kulemba 8 mu CV 8 kumabwezera madikoda ambiri mmene anachokera ku fakitale, ngakhale a Lenz amafuna 33.

Makaniko wopuma wa ku Limbe anayankhanso:

Mayi, pa za magiya mwanena zoona ndipo sinditsutsa. Ine ndimangoumirira DC chifukwa amene ali ku London injini ikamuvuta amakwera basi kukaibweza, pamene ife tiyenera kudziwa msanga ngati vuto linabwera m'bokosi kapena talipanga tokha, wotitengera asanakwere ndege. Za coreless mwandikumbutsa bwino; kontirola yanga ndi ya magetsi osalala, ilibe zodukiza.

Pa ma capacitor aang'ono amene amakhala pa mota kuti isasokoneze wailesi, ena amalangiza kuwadula akamaika dikoda. Musayambe ndi kudula. Yesani kaye, ndipo pokhapokha injini imene inkayenda bwino pa DC ikayamba kugwedezeka pa liwiro lochepa itaikidwa dikoda, m'pamene mungawaganizire, podziwanso kuti mukadula chitsimikizo cha wogulitsa chikhoza kuthera pomwepo.

Wa ku Chilomoni analembanso:

Zikomo kwambiri nonse. Loweruka ndinapita ku Limbe kukatenga kontirola, ndipo madala sanandilole kuchoka ndisanaone tebulo lawo, limene latenga theka la chipinda. Masana omwewo ndinayendetsa injini monga munanenera. Mphindi zoyambirira inkalira ngati makina osokera ouma, koma pofika kumapeto kwa ola phokoso linali litatsika ndithu, ndipo inayamba kunyamuka kontirola ili pansi kwambiri kuposa poyamba. Ndinaonanso chinthu chimene sindikanachizindikira: inkazengereza pa malo amodzi a bwalo ulendo uliwonse, ndipo nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti ndine amene ndinalowetsa njanji ina pamwamba pa kachitsulo kolumikizira m'malo molowetsa mkati mwake. Mita inaonetsa kuti mota ikukoka zosakwana theka la amp ngakhale nditaikanikiza.

Dikoda ndinaika Lamlungu. Ndivomere kuti ngakhale achimwene a ku Ndirande anafotokoza momveka, ndinailowetsabe chotembenuza, chifukwa nambala 1 inabisika pansi pa waya. Injini inayenda chobwerera nyale zili zii, ndipo nditatembenuza pulagi zonse zinakhala bwino. CV 1 inayankha 3 pa njanji ya pulogalamu. Adiresi ndasankha 1908, chaka chimene njanji ya Shire Highlands Railway inafika mu Blantyre. Kontirola inawerengera yokha, koma nditayang'ana ndinapeza kuti yalemba 199 mu CV 17 ndi 116 mu CV 18, mosungira adiresi yaitali, ndipo CV 29 ndaiika pa 34 potsata malangizo a mayi a ku Namiwawa. Kapulagi kotsekera kaja ndakasunga m'bokosi.

Chatsala ndi chimodzi. CV 4 ndinaika 40 pofuna kuti iziima mwaulemu ngati sitima yeniyeni ikamalowa pa siteshoni ya Limbe, koma pa bwalo langa laling'onoli imazungulira pafupifupi theka lonse isanaime, ndipo dzulo inakankha mabogi amene ndinawasiya kutsogolo. Kodi inu a matebulo aang'ono mumaika nambala yanji pamenepa?